Ululu wonga shoko ya magetsi m'mutu: zimene ndaona nditamwa amitriptyline kwa miyezi yambiri

Papita pafupifupi chaka chiyambireni kumwa amitriptyline usiku uliwonse chifukwa cha ululu umene umandigwira kumbuyo kwa mutu, ndipo ndikuona kuti tsopano ndingathe kunena maganizo anga pa mankhwalawa popanda kukokomeza. Ululuwo sunathe, koma wachepa kwambiri moti ndimagwira ntchito yanga yosoka zovala tsiku lonse, ndipo ndikanafunsidwanso lero ndikanavomerabe kuwamwa, ngakhale kuti ali ndi zovuta zake zimene munthu ayenera kuzidziwa asanayambe.

Ululu wanga umayambira pankhongo chakumanja, pamene khosi limakumana ndi chigaza, n'kuthamanga kukwera mpaka paliwombo, ndipo nthawi zina umafika kuseri kwa diso. Umabwera mwadzidzidzi ngati wakhudza waya wa magetsi wosakutidwa, umakhala kwa masekondi ochepa, kenako umaleka n'kubweranso mobwerezabwereza. Chimene chinkandisautsa kuposa shokoyo chinali khungu la m'mutu, limene linkapweteka ngakhale pamene shoko yadutsa, moti kupesa tsitsi, kumanga duku kapena kutsamira pilo kunkakhala kovuta.

Adokotala atandipima anati vutoli ndi occipital neuralgia. Anandifotokozera kuti kumbuyo kwa mutu kuli mitsempha imene imachokera m'mafupa a pamwamba a khosi, makamaka pa fupa lachiwiri ndi lachitatu, C2 ndi C3, ndipo waukulu mwa iyo umaboola minofu ya khosi usanafike pakhungu la m'mutu. Minofuyo ikakungika kwa nthawi yaitali, kapena mafupa a khosi akayamba kuperepeseka, kapena munthu akavulala pakhosi monga pa ngozi ya galimoto, mtsemphawo umapanikizika n'kuyamba kutumiza uthenga wa ululu popanda chilonda chilichonse chooneka. Atadinikiza ndi chala pamalo amodzi pankhongo, shoko ija inabwera nthawi yomweyo. Anandiyeza shuga m'magazi ndi kundifunsa ngati ndinadwalapo mashingozi m'mutu kapena pakhosi, popeza matenda awiriwa amawononganso mitsempha. Pambuyo pake anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi pafupi ndi mtsemphawo, ndipo ululu unazimiririka. Jakisoniyu ndi njira imodzi imene madokotala amatsimikizira vutoli, chifukwa ululu ukatha mtsempha umenewo utachita dzanzi, ndiye kuti gwero lapezeka. Mpumulo wake unanditengera masabata angapo, kenako shoko zinayamba kubwerera, ndipo apa ndi pamene anandilembera amitriptyline.

Ndisanafike pamenepa ndinkamwa Panado ndi Brufen monga amachitira aliyense amene mutu ukumupweteka, koma sankafika pamene panali vuto. Mankhwala amenewa amathandiza pa ululu wa minofu, ndipo Brufen amachepetsanso kutupa, pamene ululu wochokera mu mtsempha wenienweniwo sumva kwenikweni mankhwala otere. Palinso ngozi ina imene anthu ambiri saidziwa, yoti munthu amene amamwa mankhwala ochepetsa ululuwa masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi, kwa miyezi yotsatizana, angathe kuyamba kumva mutu wina woyambitsidwa ndi mankhwala omwewo. Brufen womwa kawirikawiri amapwetekanso m'mimba ndi impso. Ndikunena zimenezi chifukwa m'magolosale mwathumu mapiritsiwa amagulidwa mosavuta, ndipo munthu wovutika ndi ululu saganiza zowerengera masiku.

Amitriptyline ndi mankhwala akale amene poyamba anapangidwira odwala matenda ovutika maganizo, ndipo nditawerenga zimenezi pakapepala ndinakhumudwa, poganiza kuti mwina adokotala akuona ngati ululu wanga ndi wongoganizira. Sizinali choncho. Pa mlingo wochepa, wotsika kwambiri kuyerekeza ndi umene amapereka pa matenda a maganizo, mankhwalawa amachepetsa mphamvu ya uthenga wa ululu umene mitsempha imatumiza ku ubongo, ndipo amagwiritsidwa ntchito pa ululu wa mitsempha wa anthu odwala shuga ndiponso wa amene anadwala mashingozi. Ine ndinayamba ndi theka la piritsi la 25 mg, kenako ndinafika pa piritsi lathunthu, ndipo ndakhala pamenepo mpaka lero.

Masabata oyambirira anali ogwetsa ulesi, ndipo ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene anthu ambiri amasiyira. Zovuta za mankhwala zinabwera tsiku loyamba lomwe, koma phindu lake linachedwa. Ndinkadzuka mutu uli wolemera, maso ali ndi tulo mpaka dzuwa kukwera, m'kamwa muli gwa, ndipo ndikaimirira mofulumira ndinkachita chizungulire. Shoko zinkabwerabe monga kale. Adokotala anali atandichenjeza kuti mankhwalawa amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira ntchito pa ululu, ndipo chenjezo limenelo ndi limene linandilimbitsa mtima. Cha m'mwezi wachiwiri ndinazindikira kuti masiku ena akudutsa osamva shoko, ndipo ikabwera sinkabweranso motsatizana kwa maola ngati kale. Khungu la m'mutu linasiya kupweteka pokhudzidwa, ndipo kwa ine uku ndi kusintha kumene kunali kwakukulu kuposa kwina kulikonse, chifukwa ndinayambanso kugona chagada ndi kusamba m'mutu popanda mantha.

Pa zovuta zija, zina zinatha ndipo zina zatsala. Tulo ta m'mawa tinachepa nditayamba kumwa piritsi madzulo tikangomaliza kudya, osati pokagona penipeni, pa uphungu wa adokotala. Chizungulire chinatha chokha. Kuuma m'kamwa ndiye sikunachoke, moti ndimakhala ndi botolo la madzi pafupi ndi makina, ndipo ndimasamala kwambiri mano chifukwa m'kamwa mopanda malovu mano amabowoka msanga. Kudzimbidwa kumabwera ndikachepetsa masamba ndi zipatso. Thupi lawonjezeka pang'ono, popeza mankhwalawa amawonjezera chilakolako cha chakudya, makamaka zotsekemera. Mowa sugwirizana nawo chifukwa umawonjezera tulo, ndipo amene amayendetsa galimoto kapena njinga yamoto m'mamawa ayenera kuliganizira bwino vuto la tuloli asanayambe. Nthawi ina mankhwalawa atasowa kumene ndimalandirira, ndinakagula kufamase, ndipo mtengo wake unali wofikirika. Ndinachita zimenezi chifukwa amitriptyline sasiyidwa mwadzidzidzi munthu akamumwa kwa nthawi yaitali. Kutero kumabweretsa mseru, mutu ndi kusowa tulo, choncho amachepetsedwa pang'onopang'ono.

Chimene ndikufuna kutsindika kwambiri ndi chakuti piritsili limatontholetsa mtsempha koma silichotsa chimene chikuupanikiza. Ndinaona zimenezi poyera m'nyengo yosoka mayunifolomu a ana a sukulu, pamene ndinkaweramira makina kuyambira m'mawa mpaka madzulo: shoko zinabwerera ngakhale kuti sindinadumphe kumwa mankhwala. Katswiri wa mafizo ndi amene anandithandiza pa mbali imeneyi. Anandiuza kuti mutu ukakhala chopendekera kutsogolo kwa maola ambiri, minofu ya pankhongo imagwira ntchito mosalekeza kuti iuchirikize, ndipo ndi minofu yomweyo imene mtsempha uja umadutsamo. Ndinasintha mpando ndi thebulo kuti ndisamawerame kwambiri, ndinaika nyale pafupi ndi singano kuti ndisamasuzumire, ndipo ndimaimirira kawirikawiri n'kuwongola khosi. Anandiphunzitsa kukokera chibwano kumbuyo mutu uli chilili, kukhala choncho kwa kanthawi, kenako kumasula, ndipo ngakhale kuti masewerawa amaoneka achabechabe, ndikawalekeza kwa masiku angapo khosi limandiuza. Usiku ndimaika botolo la madzi ofunda, lokulunga m'nsalu, pankhongo ndisanagone. Pilo wamkulu wolimba ndinamusiya n'kutenga wamfupi amene sapinda khosi. Foni ndimaikweza pafupi ndi maso m'malo moweramira pamiyendo.

Pali zinthu ziwiri zimene ndinazisiyiratu, ndipo amayi anzanga angazimvetse kuti sizinali zophweka. Choyamba ndi kuluka tsitsi kokoka kwambiri, makamaka kumene kumamangidwa pankhongo, chifukwa nditangoluka ululu unkayamba usiku womwewo. Chachiwiri ndi kusenza ndowa ya madzi kapena thumba la chimanga pamutu, ngakhale ndi nkhata yabwino, popeza kulemerako kumatsikira pa mafupa omwe aja a pamwamba pa khosi. Kuzizira kwa mwezi wa June ndi July kumandivutitsabe, chifukwa ndimadzikunga mapewa osadziwa, choncho m'nyengo imeneyi ndimafunda mpango pakhosi ngakhale ndili m'nyumba.

Ena andifunsa chifukwa chimene sindinapatsidwe carbamazepine kapena gabapentin, amenenso amaperekedwa pa ululu wa mitsempha. Gabapentin ndinamupeza wokwera mtengo kwa munthu womwa tsiku lililonse. Carbamazepine, amene ambiri amamudziwa ngati mankhwala a khunyu, ndi amene amaperekedwa poyamba pa ululu wofanana ndi uwu umene umagwira nkhope, wotchedwa trigeminal neuralgia, koma ali ndi vuto lalikulu limene limakhudza anthu ambiri kwathu kuno. Amachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mofulumira, motero amafooketsa mapiritsi olerera ndi njira yolerera yoika pamkono, komanso amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, amene ali mu ma ARV omwe anthu ambiri akumwa masiku ano. Aliyense amene ali pa ma ARV kapena pa njira yolerera ayenera kunena zimenezi momasuka asanalandire mankhwalawa. Amitriptyline nayenso si wa aliyense: amene ali ndi matenda a mtima, makamaka amene mtima wawo sugunda mwadongosolo, amene ali ndi matenda a maso otchedwa glaucoma, abambo amene amavutika kukodza chifukwa cha kukula kwa prostate, kachiwalo kokhala pansi pa chikhodzodzo, okalamba, ndiponso amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, onsewa ayenera kukambirana ndi dokotala kaye. Mapiritsiwa ndi oopsa kwambiri akamwedwa ambiri nthawi imodzi, choncho ndimawatsekera kumene ana sangafike.

Ndikupempha kuti wina asawerenge zimenezi n'kupita kukagula mapiritsi asanapimidwe, chifukwa si ululu uliwonse wa pankhongo umene uli wa mtsempha umenewu. Mutu wobwera ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi ungakhale matenda oumitsa khosi, amene amapha msanga, ndipo ndi oopsa kwambiri kwa amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika. Mutu woopsa woyamba mwadzidzidzi umene munthu sanaumvepo, kufooka kwa mkono kapena mwendo, kupotoka kwa pakamwa, kulephera kulankhula, kusaona bwino kapena kusokonezeka maganizo, zonsezi zimafuna chipatala tsiku lomwelo. Matuza otuluka mbali imodzi ya mutu angakhale mashingozi, amene mankhwala ake amagwira bwino akayambidwa m'maola 72 oyambirira. Kwa amene apitirira zaka 50, ululu watsopano wa m'mbali mwa mutu wobwera ndi kutopa kwa nsagwada potafuna ungakhale kutupa kwa mitsempha ya magazi kumene kumachititsa khungu ngati kwachedwetsedwa.

Pakadali pano shoko zimandipeza mwa apo ndi apo, kawirikawiri ndikagwira ntchito mopitirira muyeso kapena ndikayenda ulendo wautali paminibasi mutu ukugwedezeka, ndipo zimatha ndikapumula ndi kufunditsa pankhongo. Ndagwirizana ndi adokotala kuti nyengo yozizira ikadutsa tiyese kubwerera pa theka la piritsi kuti tione ngati masewera a khosi ndi kusintha kwa kakhalidwe pantchito zingakwanitse zokha mbali yaikulu, ndipo ululu ukadzakulanso, jakisoni wa pankhongo uja akhoza kubwerezedwa.