Nissan X-Trail T31 m'misewu ya kuno kum'mawa: injini ndi yolimba, koma giyabokosi sifuna nkhanza

Mwa magalimoto a banja amene amachokera ku Japan n'kulowera ku Dar es Salaam ndi ku Nakonde, X-Trail ya T31, imene inayamba kupangidwa mu 2007, ndi imodzi yomwe yachuluka ku Chipata, kum'mawa kwa Zambia. Inatalikira pansi pafupifupi masentimita 20, kumbuyo kwake kumalowa katundu wambiri, ndipo nthawi zambiri mtengo wake umatsikirapo poyerekeza ndi RAV4 kapena Harrier ya zaka zomwezo. Ife timaiyamikira, koma si galimoto yoti munthu azingothira petulo n'kumayenda. Moyo wake wonse wagona pa giyabokosi.

Zambiri za injini ya 2.0 zimabwera ndi giyabokosi ya CVT. M'kati mwake mulibe magiya osinthana ngati a otomatiki wamba. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri, ndipo chimene chimagwiritsa lambayo kuti asaterereke ndi mphamvu ya oyilo. Oyilo wake ndi wa Nissan wotchedwa NS-2 basi. Makanika akakuuzani kuti ATF wamba, oyilo wa giyabokosi za otomatiki, ndi chimodzimodzi, chotsanipo galimoto yanu, chifukwa lamba akayamba kuterereka amakanda mapule, ndipo zikatero nthawi zambiri pamafunika kugula giyabokosi ina. Ndi kutentha kwa kuno, timalangiza kusintha oyiloyu pa makilomita 40,000 alionse. Pokhetsa pamatuluka malita anayi kapena asanu. Uzani makanika atsegule sampu (chibeseni cha pansi chosungira oyilo), atsuke sefa ya m'kati, asinthenso kasefa kapepala ka pafupi ndi kula (chipangizo choziziritsira oyilo). Yang'anani nokha maginito a mu sampu: phala lotuwa losalala si vuto, koma mukaona tizitsulo tonyezimira, dziwani kuti giyabokosiyo yayamba kudzidya.

Pamene CVT imaonetsera kufooka kwake ndi pa Great East Road, pobwera kuchokera ku Lusaka, mukawoloka mlatho wa Luangwa n'kuyamba kukwera mapiri olowera ku Kacholola ndi Nyimba. Mu Okutobala, galimoto itadzaza anthu ndi katundu, oyilo amatentha kwambiri ndipo kompyuta imachepetsa dala mphamvu pofuna kuteteza giyabokosi. Mumaponda koma galimoto ikungokwawa. Musaikakamize. Patukani pamalo abwino, izizire mphindi 20. Mukafika, tsukani kutsogolo kwa rediyeta ndi kondensa ya eyakoni, pamene pamamatirira fumbi, udzu ndi tizilombo. Amene amayenda msewu umenewu kawirikawiri angachite bwino kuikitsa kula yowonjezera. Ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi giyabokosi.

Zina ziwiri zimene zimapha CVT msanga ndi kukoka galimoto inzake ndi chingwe, komanso kusinthasintha R ndi D mawilo akuzungulira mukatitimira m'matope.

Pogula, musakhutire ndi kuzungulira kamodzi m'tauni. Iyendetseni mpaka itenthe bwino, kenako yendani pang'onopang'ono pa liwiro la makilomita 20 mpaka 40 pa ola. Ikamagwedeza ngati ikudumphira, kapena ikamalira ngati likhweru lokwera limodzi ndi liwiro, isiyeni ngakhale thupi lake likhale lokongola chotani.

Injini ya 2.0 ija, yotchedwa MR20DE, ilibe mawu ambiri. Imayendera tcheni osati lamba, ndipo ikamalandira oyilo wa 5W-30 pa nthawi yake imapirira zaka. Vuto lake lodziwika ndi makoyilo, tizipangizo topereka moto ku mapulagi. Ikamanjenjemera n'kuyatsa nyali ya injini, makina oyezera amaonetsa P0301 mpaka P0304, nambala yomalizayo ndiyo silinda yovuta. Sinthanitsani koyilo ya silindayo ndi ya ina. Vuto likasamuka limodzi nayo, mwapeza wolakwa ndipo simufunika kugula zonse zinayi. Chovuta n'chakuti makoyilo ndi mapulagi ali pansi pa manifodi (mapaipi olowetsa mpweya mu injini), choncho imayenera kuchotsedwa kaye.

Apa tikuchenjeza kwambiri. Khoma la hedi pozungulira pulagi ndi lopyapyala. Mapulagi amangidwe injini itazizira, ndi sipanala yoyezera, pafupifupi 20 Nm. Womanga ndi mphamvu za mkono amang'ambitsa hedi, ndipo mudzazindikira patapita masabata pamene kulanti (madzi oziziritsa injini) akuchepa popanda podontha, injini n'kumagwedezeka m'mawa. Throttle nayo (kachitseko kolowetsa mpweya mu injini) ikatsukidwa imafuna kuphunzitsidwanso ndi kompyuta, apo ayi injini imalira pamwamba galimoto itaima.

Fumbi la misewu ya kumidzi ya ku Chadiza, Vubwi ndi Lundazi limatseka sefa ya mpweya nthawi yolembedwa m'buku isanakwane. Sefa yotchipa yosakhala bwino m'bokosi imalowetsa fumbi pa sensa ya MAF yoyeza mpweya wolowa mu injini, galimoto n'kuyamba kumwa petulo wambiri ndi kuchedwa kunyamuka. Sensayi imatsukidwa ndi mankhwala ake opopera, osaikhudza ndi nsalu kapena waya.

Kumiyendo n'zimene aliyense angayembekezere m'maenje: malinki a stabilizer amagogoda, mabushi a mikono ya kutsogolo amang'ambika, ndipo beringi ya wilo imasinthidwa yonse pamodzi ndi habu yake. Pa galimoto za 4WD, LOCK, amene amachititsa mawilo onse anayi kukoka, ndi wa m'matope ndi mumchenga poyenda pang'onopang'ono. Mukapitirira pafupifupi makilomita 40 pa ola amadzimasula yekha. Matayala anayi onse akhale a saizi imodzi ndiponso otha mofanana. Kusakaniza latsopano ndi lakutha kumatenthetsa kapulingi yopereka mphamvu ku mawilo a kumbuyo, nyali ya 4WD n'kumathwanima.

Zambiri zimene anthu amati ndi matenda a magetsi zimayambira pa batire. Chiwongolero cha T31 chimayendera magetsi, choncho batire ikafooka kapena olitaneta ikatopa, chimatha kuuma n'kuyatsa nyali. Musanagule sensa iliyonse, yezani: batire yabwino imaonetsa pafupifupi 12.6 V injini itazima, ndipo 13.5 mpaka 14.5 V ikulira. Palani mitu ya batire ndi pamene waya wa efi wamangidwa kuthupi la galimoto. Wailesi ya ku Japan imalekezera pa 90 MHz, n'chifukwa chake masiteshoni ambiri samveka. Siinafe, imangofuna kachipangizo kokuzira bandi.

Amene akuganizira ya kale, T30 ya injini ya QR20DE, adziwe kuti ya ku Japan ili ndi otomatiki wamba wa magiya anayi, wopirira nkhanza kuposa CVT. Yake nthenda ndi sensa ya crankshaft: imazimitsa injini ikatentha, n'kudzalira ikazizira, makina n'kuonetsa P0335. Sinthani pamodzi ndi ya camshaft, ndipo gulani zenizeni za Nissan, chifukwa zotchipa sizichedwa kubweza vuto lomwelo.