Guerrilla ya Nazar: nyenyezi zinayi, koma mverani pa mahedifoni

Chimbale chimenechi ndakhala nacho miyezi inayi, ndipo ndachimvera mokwanira kuti ndinenepo zanga. Ndi choyamba cha Nazar, mnyamata wa ku Angola yemwe anakulira ku Belgium. Chinatuluka mu 2020 ku Hyperdub, kampani ya nyimbo ya ku London yomwe anayambitsa Kode9. Ine ndachipeza mochedwa. Anandigulira pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsa nyimbo, ndi achimwene anga a ku Johannesburg, poti khadi langa la kubanki linkakana kulipira zinthu zakunja. Anatumiza ngati mphatso, ine n'kutsitsa ndi bandulo ya usiku. Ngati foni yanu ili ndi malo ochepa tengani MP3, chifukwa FLAC, mtundu wina wa fayilo ya nyimbo, imadya bandulo ndipo ubwino wake umamveka pa mahedifoni enieni okha.

Nazar nyimbo zake amazitcha rough kuduro. Kuduro ndi gule wa ku Luanda, wothamanga, wovinidwa m'mapwando ndi m'misewu. Iye anatenga ng'oma za gule ameneyu n'kuzikhadzulakhadzula. Zimayamba ngati zikukuitanira kubwalo, ukangoti unyamule phazi zaduka, pabwera phokoso longa mfuti ikukokedwa, kapena longa mapiko a helikoputa ikudutsa pamwamba pa denga. Kenako kachete, kaphokoso kamodzi kokha kakulira patali ngati udzudzu. Tsiku loyamba ndinaika pa kasipika kanga ka Bluetooth ndikuchapa panja kwathu ku Matawale. Amayi oyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda n'kufunsa kuti, "Achimwene, kodi wailesiyo ili bwinobwino?" Sanalakwe. Sipika yaing'ono imameza besi yonse n'kusiya zokhetekheta zokha, chonsecho mtima wa nyimbozi uli pansipo. Usiku womwewo magetsi atazima ndinavala mahedifoni, ndinagona chagada, ndipo mpamene chimbalechi chinandifika.

Kuti umve chomwe chikuchitika, uyenera kudziwa kumene mnyamatayu akuchokera. Bambo ake anali mmodzi wa akuluakulu a UNITA, gulu la Jonas Savimbi, pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Angola yomwe inayamba mu 1975 n'kudzatha mu 2002, Savimbi ataphedwa mu February chaka chomwecho. Zaka 27. Nazar anakula kutali ndi mfuti, koma bambo ake ali kutchire, ndipo ku Angola anakakhala nkhondo itatha. Bambowo analemba buku la zomwe anaona kunkhondoko, ndipo chimbalechi chinamera pa zolembazo ndi pa nkhani za pabanja. Mayina a nyimbo okha akukuuzani. Pali "UN Sanctions": bungwe la United Nations linaletsa kugulitsa zida ndi mafuta kwa UNITA mu 1993, ndipo mu 1998 linatsekanso malonda awo a dayamondi. Pali "Arms Deal". Pali "FIM-92 Stinger", dzina la mzinga wonyamula paphewa wogwetsera ndege, womwe America inayamba kupatsa UNITA mu 1986. Kwa ife awa ndi mawu a m'mabuku a mbiri. Kwa banja lawo anali mawu otanthauza kuti bambo abwera kapena sabwera.

Chimene chinandigwira n'chakuti nkhondo ya m'chimbalechi si ya msilikali ayi. Ndi nkhondo momwe mwana amaimvera, kudzera pakhoma, akuluakulu akunong'onezana. N'chifukwa chake palibe nyimbo yomwe imakufotokozera nkhani kuchokera poyamba mpaka pomaliza. Umangomva zidutswa, mawu a munthu obisika pansi pa phokoso, mantha osadziwika kochokera. Ine zimenezi ndikuzidziwa. Kuno ku Zomba asilikali timakhala nawo, Cobbe Barracks ili pomwepa, chipilala cha asilikali akale a King's African Rifles (KAR) timachidutsa osachiyang'ananso, koma nkhondo yeniyeni ambirife tinaimvera m'kamwa mwa ena. Azakhali anga anakwatiwa ku Milange, ndipo mu 1986 anathawa nkhondo ya ku Mozambique n'kuwoloka malire pa Muloza ndi ana awiri ndi mtolo umodzi. Anali m'gulu la anthu opitirira miliyoni imodzi omwe Malawi inawasunga nkhondoyo isanathe mu 1992. Ine ndinali wamng'ono. Chomwe ndimakumbukira si nkhani zawo, koma momwe amayi ankatsitsira mawu azakhaliwo akalowa, ndi momwe ana aja ankadzidzimukira chitseko chikamenyetseka.

Azakhaliwo atabwera kudzatichezera mwezi watha ndinawaveka mahedifoni. Sanafike mphindi ziwiri. Anavula pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Mwanangu, zimenezi ife tinazimva ndi makutu athuwa, imverani inuyo." Ndinachita manyazi kuti ndawavutitsa. Koma madzulo ake, tikudya, anayamba okha kusimba za usiku womwe anawoloka, nkhani yomwe sanandiuzepo chibadwire changa.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'chaching'ono: chapakati pali pomwe phokoso limathinana kwa nthawi yaitali osapumira, khutu limatopa, ndipo ine ndimayamba ndaima kaye n'kudzapitiriza mawa lake. Chachiwiri ndicho chimandilemera. Iyi ndi nkhani ya banja limodzi la mbali imodzi. Ndisanamvere ndinkaopa kuti mwina ndi zotamanda UNITA, ndipo ndinene zoona, kudzitama sindinakumvemo, ndinamvamo mantha ndi chisoni. Komabe munthu wosadziwa mbiri sangatulukemo akudziwa za anthu wamba a ku Huambo ndi ku Kuito omwe anazingidwa ndi asilikali a UNITA m'mizinda yawo mu 1993, kapena za mabomba okwirira omwe anadula miyendo ya alimi nkhondo itatha kale. Sindikunena kuti mwana asenze milandu ya gulu la bambo ake. Ndikungoti mukamamvera muzikumbukira kuti kuseri kwa khoma lina kunalinso ana ena akumvetsera.

Ngati mukufuna zoika pa chinkhoswe, kapena zomvera muminibasi popita ku Limbe, ndalama zanu sungani. Koma anyamata omwe mumapanga mabiti pa laputopu m'zipinda za ku Chikanda ndi ku Chinamwali, chimbalechi chifuneni. Tamverani momwe munthu watengera gule wa kwawo n'kumuyankhulitsa zinthu zomwe sanapangidwire. Ndikamamvera ndimaganiza za manganje athu ndi tchopa, kuti ndani adzalimbe mtima kuzigwira chonchi n'kusimba nazo za njala ya 2002 kapena za namondwe Freddy.

Ine ndimachimvera usiku, kuyambira "Retaliation" mpaka "End of Guerrilla", osadumpha ngati khutu lalola. Nyimbo ya "Mother" ndiyo ndimaibwereza kwambiri. Achimwene ndawauza kale kuti mwezi ukatha andigulirenso Enclave, kachimbale kakang'ono komwe anatulutsa ku Hyperdub komweko mu 2018.