6 Minute English ya BBC: Chida Chothandiza Ophunzira Achikulire Kumva Chingerezi

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi madzulo kwa anthu achikulire, ena amalonda a mumsika, ena alonda, ena amayi amene anasiyira sukulu panjira ndipo akufuna kulemba mayeso a MSCE, amene munthu sapatsidwa satifiketi yake ngati sanakhoze Chingerezi. Ambiri mwa iwo amatha kuwerenga ndime ya m'nyuzipepala n'kumva mutu wake, koma munthu akangowalankhula Chingerezi pa liwiro lake lenileni, amangoti kakasi, mawu onse amene analoweza aja n'kubalalika. Pa vuto limeneli palibe chida chimene chandithandiza kuposa pulogalamu ya 6 Minute English, imene imakonzedwa ndi nthambi ya BBC Learning English ndipo imapezeka mwaulere pa intaneti.

BBC inayamba kuphunzitsa Chingerezi pa wailesi mu 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, ndipo luso la zaka zonsezo limaoneka m'kakonzedwe ka pulogalamuyi. Sabata iliyonse pamatuluka gawo latsopano la mphindi pafupifupi 6, mmene anthu awiri amacheza pa mutu umodzi, monga tulo, chakudya, ndalama kapena kusintha kwa nyengo. Pachiyambi mmodzi amafunsa mnzake funso lokhala ndi mayankho atatu oti asankhepo, ndipo yankho lolondola silituluka mpaka kumapeto. Mkati mwa kuchezako amaikamo timagawo ta mawu a akatswiri totengedwa m'mapulogalamu ena a wailesi ya BBC, kenako amamasulira mawu atsopano 6, amene amawabwerezanso asanatsanzike.

Funso la pachiyambi lija ndilo limandigwirira ntchito yaikulu. Ndimaimitsa foni likangofunsidwa, n'kulemba mayankho atatuwo pabolodi, ndipo aliyense amasankha lake ndi kunena chifukwa chake m'Chingerezi, ngakhale chikhale chothyokathyoka. Bambo wina wogwira ntchito yaulonda, amene kwa miyezi iwiri sankatsegula pakamwa m'kalasi, anayamba kulankhula tsiku limene anatsutsana ndi mnzake pa funso lotere, ndipo yankho litatuluka mogwirizana ndi iwo anamenya tebulo ndi chisangalalo. Munthu amene wasankha mbali amamvetsera ndi makutu onse awiri, chifukwa akufuna kudziwa ngati walondola.

Gawo lililonse ndimaliseweretsa katatu pa kasipika kakang'ono. Ulendo woyamba ophunzira amangomvetsera popanda pepala, ndipo ndimawafunsa chinthu chimodzi chokha, kuti nkhaniyo ikunena za chiyani. Ulendo wachiwiri amatsatira ndi chala pa pepala la mawu onse olankhulidwa, limene BBC imapereka pa tsamba la pa intaneti la pulogalamuyi ndipo ine ndimakalisindikiza kuti anthu awiri aziwerengera limodzi. Apa ndi pamene nkhope zimawala, pakuti amazindikira kuti zimene zinkamveka ngati phokoso lija ndi mawu amene amawadziwa kale, kungoti eni chilankhulo amawalumikiza ndi kumeza zilembo zina. Ulendo wachitatu timaima pa ziganizo zochepa n'kumazibwereza mokweza. Ife olankhula Chichewa sitisiyanitsa kwenikweni l ndi r, ndiponso timakonda kuika lembo la liwu kumapeto kwa mawu alionse, choncho "right" ndi "light" zimatuluka mofanana. Mayi wina wogulitsa tomato anandipempha kuti ndibwezere chiganizo chimodzi kasanu, ndipo pa ulendo wachisanu ananena yekha kuti tsopano wamva pamene lilime likupita.

Komabe aphunzitsi anzanga adziwe kuti pulogalamuyi inakonzedwera anthu amene ali kale pakatikati pa ulendo wawo wa Chingerezi. Munthu amene wangotuluka kumene ku sukulu ya kwacha, kapena amene sanafike Sitandade 8, adzagwa ulesi mukamuyambitsa nayo, ndipo wamkulu akachita manyazi pagulu kawirikawiri sabweranso. Kwa oterewa ndi bwino kuyambira pa tsamba la LearnEnglish la British Council, limene limasanja zomvetsera kuyambira pa mlingo wa A1, wa oyamba kumene, mpaka C1, wa odziwa bwino Chingerezi, ndipo mphunzitsi angapeze mapulani a maphunziro pa tsamba lawo lina la TeachingEnglish. Mitu ina ya 6 Minute English imakhudza moyo wa ku Britain umene ophunzira athu sakuudziwa, kotero ndimamvetsera ndekha kaye ndi kusankha imene ingadzutse makambirano pakati pa anthu amene amalima, kugulitsa ndi kulera ana. Ndiponso wailesi siyankha munthu kapena kumukonza akalakwitsa. Ntchito imeneyo imatsalira mphunzitsi, ndipo mphindi 6 zimenezi kwa ine zimadzaza ola lathunthu.

Pa nkhani ya ndalama, chimene chimalowa m'thumba ndi bandulo ndi mapepala basi. Popeza mawuwo amatheka kuwasunga m'foni, ndikapeza netiweki yabwino ndimatsitsa magawo 10 nthawi imodzi pamodzi ndi mapepala ake, kenako n'kutumizira ophunzira pa WhatsApp kapena pa Bluetooth kuti azimvetsera ali pa ntchito kapena m'minibasi, ndipo ngakhale magetsi athime phunziro limapitirira malinga foni ili ndi moto. Amene akufuna kuyesa ayambe ndi gawo limodzi pa sabata, alibwereze kwa masiku angapo asanapite pa lina, ndipo ophunzira azilemba mawu 6 aja m'kope limodzi ndi chiganizo chawochawo pansi pa mawu alionse.