Glock 19, CZ 75 B, revolver kapena .22: muime pa mzere uti tsiku loyesa mfuti?

Ife okulira kumudzi mfuti tinkadziwa ziwiri basi: gogodera wa agogo osaka nguluwe, ndi ija ya wapolisi wa pamsewu imene umangoiyang'ana cham'mbali n'kudutsa. Ndiye mnzanga wa kuntchito atandiuza kuti bwalo lina lowomberapo mfuti kuno ku Gauteng likutsegula zipata Loweruka kuti aliyense akayese mfuti zimene ogulitsa abweretsa, funso langa loyamba linali lakuti kodi sakatimanga? Anaseka. Lamulo la mfuti la South Africa, Firearms Control Act 60 ya chaka cha 2000, limalola munthu wa laisensi amene wakwanitsa zaka 21 kupatsa mnzake mfuti kuti awombere, bola mwiniwakeyo aime pomwepo akuyang'anira. Tsiku loyesa mfuti limayenda motero. Umalipira zipolopolo zochepa, zisanu kapena khumi, mlangizi amaima pafupi ndi phewa lako, umawombera chandamale cha pepala, kenako umapatsa wina malo.

Vuto n'lakuti matebulo ndi ambiri, thumba ndi limodzi, ndipo mizere ndi yaitali. Ine ndinayesa zinayi, ndipo ndinaziyesa mosalongosoka, kuyambira kumene ndikanayenera kumalizira. Ndikulemba kuti inu musawononge zipolopolo ngati ine.

Mzere wautali kwambiri unali wa Glock, ndipo nane ndinathamangira komweko. Dzinali aliyense analimvapo. Kampani ya Gaston Glock ya ku Austria inatchuka pamene asilikali a dzikolo anasankha Glock 17 mu 1982, ndipo Glock 19, yomwe ndi yaifupi pang'ono, inatuluka mu 1988. Magazini yake, kabokosi koikamo zipolopolo, imalowa zipolopolo 15 za 9mm, mpope wake ndi wa mamilimita 102, ndipo chogwirira chake ndi cha pulasitiki wolimba. Yopanda zipolopolo imalemera magalamu pafupifupi 670. Ukainyamula koyamba umadabwa, chifukwa maso amayembekezera chitsulo cholemera koma dzanja limalandira chinthu chopepuka ngati chidole.

Tebulo loyandikana nalo linali ndi CZ 75 B, ndipo anthu anali ochepa. Iyi ndi ya ku Czech, yochokera ku fakitale ya ku Uherský Brod, ndipo nambala 75 ndi chaka chimene inabadwa, 1975. Anaikonza ndi anthu awiri apachibale a banja la Koucký. Yonse ndi chitsulo, imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo imalowa zipolopolo 16 za mtundu womwewo wa 9mm.

Apa ndiye pali nkhani, chifukwa chipolopolo ndi chimodzimodzi. Ndi chija Georg Luger anakonza kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, kamutu kolemera magalamu 8 kapena kuchepera pang'ono, kotuluka pa liwiro la mamita oposa 300 pa sekondi. Mphamvu imene imakankhira kamutuko kutsogolo imakankhanso mfuti kubwerera kwa iwe. Mfuti ikakhala yopepuka, kukankhako kumathera m'dzanja lako. Ikakhala yolemera, chitsulo chimameza gawo lina. N'chifukwa chake Glock inkadumpha m'manja mwanga ngati nkhuku yogwidwa miyendo, pamene CZ inkangogwedeza mutu pang'ono n'kubwerera pamalo pake. Pa mamita 7, mabowo anga asanu a Glock anamwazikana pansi chakumanzere kwa chandamale. A CZ anali pafupi pafupi moti chikhatho chimodzi chikanawaphimba onse. Wowombera anali yemweyo, mantha anali omwewo.

Koma musafulumire kuiveka CZ ufumu. Ili ndi makhalidwe awiri pa trigger, kachitsulo kamene chala chimakoka kuti mfuti iwombe, pamene Glock ili ndi limodzi. Pa Glock, kuwombera koyamba ndi komaliza chala chimakoka mofanana, mphamvu ya makilogalamu pafupifupi awiri ndi theka, ndipo palibe batani lina loti ukumbukire. Pa CZ 75 B, kanyundo kake ka kumbuyo komenya chipolopolo kakakhala pansi, kukoka koyamba ndi kwakutali komanso kolimba, chifukwa chala chomwecho ndicho chikukweza kanyundoko. Zotsatirazo ndi zofewa komanso zaifupi. Mayi wina amene anali patsogolo panga, wa zala zazifupi, ankavutika kufikira trigger pa kukoka koyambako mpaka anapotoza dzanja, ndipo mlangizi anamuuza kuti asakakamire, mfutiyo si ya dzanja lake. Muthanso kuinyamula kanyundo kali m'mwamba mutatseka ndi safety, kabatani koletsa mfuti kuwomba, koma pamenepo mwadzipatsa ntchito ina yoti chala chachikulu chiphunzire mpaka chizichita chokha.

Chinanso chimene ogulitsa satchula msanga ndi slide, chitsulo cha pamwamba chija chimene umakoka kuti chipolopolo chilowe mumpope. Ya CZ imayenda mkati mwa thupi la mfuti, ndiye mbali yoti ugwire ndi yopyapyala. Dzuwa la Gauteng litatentha, manja atatuluka thukuta, ndinaikoka kawiri isanandimvere. Ya Glock ndi yotakata ngati njerwa, yonyansa kuiona, koma ukaigwira wagwira.

Glock nayo ili ndi misampha yake. Chifukwa ilibe safety yoti utsegule ndi chala chachikulu, chilichonse chokoka trigger bwinobwino chimaiwombetsa, kaya ndi chala, kaya ndi chingwe cha jekete cholowa m'chikwama chake cha m'chiuno. Ndipo pofuna kuiphwasula kuti uitsuke umayenera kukoka trigger kaye. Amene wachotsa magazini n'kuiwala kuti mumpope mwatsala chimodzi, amaboola khoma la nyumba yake, kapena choposa khoma. Mlangizi wa pa tebulopo anatisonyeza katatu: chotsa magazini, koka slide, yang'ana ndi maso, pisa chala. Enanso amati chogwirira cha Glock chimawalozetsa m'mwamba akaitukula mwachibadwa. Kwa ine zinali choncho, kwa mnzanga ayi. Zimenezi simungaziwerenge m'kabuku ka wogulitsa, ndiye ngati muli ndi zipolopolo zisanu zokha, musanawombere pemphani kuitukula yopanda kanthu, muloze chandamale maso ali otseka, kenako mutsegule muone kumene yaloza.

Ndiye pakati pa ziwirizi ndi iti? Ngati ntchito yake ndi kukhala m'chiuno kuyambira m'mawa mpaka usiku, magalamu 300 amene CZ imaposera Glock mudzawamva pa lamba ndi pamsana, ndipo kuphweka kwa Glock kudzakukokani. Ngati ntchito yake ndi kuboola pepala Loweruka, CZ ikupambana ndipo sindikuchita kukayika. Si mwangozi kuti pa mipikisano ya kuwombera ya bungwe la IPSC mumaona ambiri atanyamula mng'ono wake wolemera kwambiri, CZ Shadow 2.

Funso la m'chiunolo, kwa ambiri a ife a ku Joni, ndi maloto chabe. Laisensi ya mfuti imayamba ndi chiphaso chotchedwa competency certificate chochokera ku SAPS, apolisi a South Africa, ndipo gawo 9 la lamulo lija limanena kuti wopempha akhale nzika ya South Africa kapena akhale ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kale, permanent residence. Pasipoti ya masiku owerengeka kapena chilolezo cha ntchito sizikufikitsani. Amene ali ndi mapepala oyenera amayamba ndi maphunziro kwa aphunzitsi ovomerezeka, mayeso a lamulo ndi a kuwombera, fomu ya SAPS 517, kenako SAPS 271 ya mfuti yeniyeniyo, sefu yovomerezeka yokhomeredwa kunyumba, ndi kudikira. Laisensi yodzitetezera, ya gawo 13, ndi ya mfuti imodzi yokha, imatha pakapita zaka 5, ndipo pempho loiwonjezera liyenera kulowa kutatsala masiku osachepera 90. Wina akakuuzani pa shebeen kuti pali njira yachidule, dziwani kuti njirayo imathera kundende. Ndiye ngati muli ngati ine, amene mfuti adzaigwira pa bwalo pokha pali mlangizi, kupepuka kwa Glock sikukupindulirani kanthu. Mukulipira kudumpha kwake popanda kudya phindu lake.

Revolver ndinaipeputsa ndipo inandichititsa manyazi. Inali Smith & Wesson ya zipolopolo zisanu ndi chimodzi za .38 Special, mtundu wa chipolopolo umene ulipo kuyambira 1898. Anthu amati ndi mfuti ya ophunzira chifukwa ilibe magazini, ilibe slide, ukatsegula gudumu lake chilichonse chili poyera. Zoonadi. Ndipo siigwidwa ndi vuto lija limene linandichitikira pa Glock, pamene ndinaigwira mofewa dzanja lili lende, slide n'kulephera kumaliza ulendo wake, chikhokhombe chopanda kanthu n'kukanirira pakamwa pake ngati chumuni. Revolver sisamala kuti waigwira bwanji. Koma trigger yake, ukaikoka osakweza kanyundo, imafuna mphamvu pafupifupi kawiri ya Glock, ndipo chala chikamalimbana ndi kulemerako mpope umavina.

Mlangizi wa pamenepo, bambo wachikulire wosakonda kuyankhula, anandichita chinthu chimene sindidzaiwala. Anandiuza kuti nditembenuke, n'kuika zipolopolo zinayi zokha m'mabowo asanu ndi limodzi, ine osadziwa kuti opanda kanthu ndi ati. Ndinawombera kawiri. Kachitatu kunangomveka kuti kha, koma mpope unagwada pansi wokha, anthu onse akuona. Kunali kudzidzimuka kwanga. Ndinkakankhira mfuti pansi ndisanawombere n'komwe, poopa phokoso limene likubwera. Mabowo aja a pansi chakumanzere pa Glock, amene ndinkanamizira mfuti, mwini wake anapezeka pamenepo.

Zinthu ziwiri pa revolver. Chala chachikulu cha dzanja lothandizira chisafike kutsogolo kwa gudumu, chifukwa pa mpata wa pakati pa gudumu ndi mpope pamatuluka moto wa wonga. Ndipo musanyengedwe ndi tija tating'ono ta mphuno yaifupi tolowa zipolopolo zisanu, timene amuna amakonda kusankhira akazi awo ati chifukwa n'tokongola. Ndi topepuka, ndiye timaluma m'dzanja kuposa zazikulu, ndipo kulondola nato n'kovuta. Ya .357 Magnum ya mpope wautali, mutaiika zipolopolo za .38 Special zimene imalola, ndi yofatsa kutali.

Tebulo la .22 ndinafikapo dzuwa litapendeka, ndalama zitatsala zochepa. Linali lopanda anthu, kupatula bambo wina ndi mwana wake wamkazi. Amuna ambiri ankalidutsa ngati n'la ana. Panali Ruger Mark IV, mdzukulu wa pisito imene kampani ya Ruger inayambira malonda ake mu 1949. Imalowa zipolopolo khumi za .22 Long Rifle, kamutu kake ka magalamu 2.6 okha. Sikankha n'komwe, phokoso lake n'lochepa, ndipo mtengo wa chipolopolo ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi 9mm. Pamenepo ndi pamene ndinamva koyamba zimene alangizi onse ankandiuza tsiku lonse, zoti maso akhale pa kachitsulo kolozera ka kutsogolo, ndipo trigger uzikoka pang'onopang'ono mpaka kulira kwa mfuti kukudzidzimutse. Thupi likasiya kuopa, mutu umayamba kumva. Zipolopolo makumi awiri za .22 zinandiphunzitsa kuposa zonse za m'mawa.

Ili ndi zofooka zake. Zipolopolo za .22 zimayaka m'mphepete mwa tako lake, ndipo nthawi zina chimodzi chimakana. Chikakana, musatembenuze mfuti kuti muione kukamwa. Ikhalebe yoloza chandamale kwa masekondi 30, chifukwa china chimachedwa kuyaka, kenako muitane woyang'anira. Komanso kuchepa kwake kusakupusitseni: .22 imapha, ndipo kamutu kake kangauluke kupitirira kilomita imodzi ndi theka.

Shotgun ya 12 gauge inalipo kumapeto kwa bwalo. Mnzanga anaiyesa osaikanikiza bwino pa phewa, ndipo Lolemba anabwera kuntchito akunyamula kapu ya tiyi ndi dzanja lamanzere.

Za kuvala musazitenge mopepuka. Kulira kwa pisito ya 9mm kumapitirira ma decibel 140, mlingo umene ungawononge khutu ndi kuwombera kamodzi kokha, ndiye ngati bwalo lili m'nyumba valani zonse ziwiri, zolowetsa m'khutu ndi zophimba pamwamba. Magalasi akhale pamaso nthawi yonse. Malaya akhale otseka pakhosi, chifukwa chikhokhombe chotentha cha mnzanu wa kumanzere chimadziwa njira yolowera pachifuwa, ndipo munthu wopsa amaiwala kuti wanyamula chiyani. Chikakulowani, ikani mfuti patebulo ili yoloza kutsogolo, kenako vinani mmene mungathere. Woyang'anira akakuwa kuti "cease fire", chala chichoke pa trigger pomwepo, mafunso pambuyo. Ndipo musanadye nyama yowotcha imene amagulitsa pakhomo, sambani m'manja ndi sopo, chifukwa fumbi la mtovu limatsalira pa zala.

Akadzatsegulanso zipata, theka la ndalama zanga lidzathera pa tebulo la .22 m'mawa mizere isanakule. Kenako ndidzapita kwa bambo wa revolver uja kuti andibisirenso mabowo opanda kanthu, ndione ngati mpope ukugwadabe. Zotsalazo ndi za CZ. Mnzanga akuti iye abwerera ku Glock, ndipo tapangana kuti wa mabowo omwazikana kwambiri ndiye agule nyama.