Miyezi 18 ndi Isuzu D-Max 1.9: zomwe ndaona itadutsa dzinja kawiri

Tsiku lomwe ndinafika nayo kunyumba ku Area 25 ku Lilongwe, amalume anga anaizungulira kawiri, kenako anatsegula boneti n'kusuzumira m'katimo nthawi yaitali osayankhula. Iwo anayendetsa Isuzu KB zaka zambiri m'maesiteti a fodya ku Kasungu, ndipo matenda a galimoto amawamva ndi khutu. Atamva kuti injini yake ndi 1.9 anapukusa mutu. "Mphwanga, kainjini aka n'kopitira ku ofesi. Ukadzasenza chimanga kadzalira pachitunda." Mawu amenewa ndinawalemba m'ndemanga yanga yoyamba, galimoto ili ndi milungu itatu yokha, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzabweranso ikadzadutsa dzinja kawiri. Pano yakwanitsa miyezi 18 ndipo yayenda makilomita 52,000.

Kwa amene simunawerenge ija, galimotoyi ndi D-Max ya double cab, giya yamanja ya magiya 6, yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Ndi ya mtundu watsopano uja womwe anayamba kuupanga mu 2022 ku Gqeberha, mzinda wa ku South Africa womwe kale tinkaudziwa kuti Port Elizabeth. Dzina la KB lomwe akuluakulu athu analizolowera analisiya mu 2018. Pomwe ndinkagula, injini zinalipo ziwiri: ya 1.9 yotulutsa 110 kW ndi 350 Nm, ndi ya 3.0 yotulutsa 140 kW ndi 450 Nm. Ine thumba linandifikitsa pa yaing'onoyo. Ndili ndi shopu ya zipangizo zaulimi, ndipo nyengo yokolola ikafika ndimagula soya ndi mtedza ku Nsaru, ku Kasiya ndi ku Mitundu n'kumakaperekera ku Kanengo. Choncho galimotoyi fumbi ndi matope imaziona kuposa phula.

Ndinaigula mu Ogasiti 2023. Patangotha miyezi itatu, mu Novembala, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Ndikanazengereza pang'ono pokha sindikanaikwanitsa, ndipo kuchokera pamenepo chilichonse chokhudza galimotoyi, kaya oyilo kaya tayala, chakhala chikukwera ine ndikuona.

Nkhawa ya amalume inali yomveka, koma sinakwaniritsidwe. Mu Meyi 2024 tinapita limodzi ku Salima kukatenga mpunga, matumba 14 a makilogalamu 50. Pobwerera ndinawapatsa makiyi dala, chifukwa aliyense amene anayendapo mumsewu umenewu akudziwa zitunda zomwe umakwera ukamachoka kunyanja kubwera kuno kumtunda. Chitunda choyamba anachikwera ngati mmene ankachitira ndi KB, kuisiya mu giya yaikulu kuti izikoka yokha pang'onopang'ono, ndipo inalefuka. Ndinawauza kuti, "Amalume, tsitsani giya imodzi, singano isatsike pansi pa 1,800." Atatero galimoto inadzuka n'kukwera bwinobwino. Mphamvu zake zonse zokokera zimapezeka singano yosonyeza kuzungulira kwa injini ikakhala pakati pa 1,800 ndi 2,600, pomwe turbo imakhala itagwira. Ndi khalidwe la injini zing'onozing'ono zonse za turbo: zimafuna dzanja likhale pafupi ndi giya. Ukazolowera sukumbukanso kuti ndi 1.9. Ponyamuka pachitunda uli wolemedwa ndi pomwe pamafunika chifatse, chifukwa dalaivala wopupuluma amaotcha kilachi. Titafika ku Kanengo amalume anangoti, "Kamakoka ndithu," ndipo kwa munthu ngati iwo amenewo ndi mawu aakulu.

Kamwedwe ka mafuta ndiko kandisangalatsa kwambiri. Ikakhala yopanda katundu pamsewu wa M1 imandipatsa makilomita 13 pa lita, ikasenza imatsikira pa 10 kapena 11, ndipo m'tauni muno nthawi ya m'mawa, pomwe galimoto zimangokwawa, imakhalanso cha pomwepo. Thanki yake ndi ya malita 76. Izi zikutanthauza kuti ndikadzaza kuno ndimadutsa pa toll gate ya Kalinyeke ndi ya Chingeni, kukafika ku Blantyre, n'kubwerera osaima pa filing'i siteshoni, mafuta n'kutsalako. Zaka zisanu zapitazo zimenezi zikanakhala zongokometsera nkhani. Koma mafuta akasowa ndi zomwe zimasiyanitsa munthu amene wagwira ntchito sabata imeneyo ndi amene wagona pamzere.

Ndafika tsono pa nkhani yomwe yandipangitsa kukhala pansi n'kulemba. Kumapeto kwa 2024 mafuta anasowa kwambiri. Mizere inkazungulira mpaka kutseka misewu, anthu ankagona m'galimoto, ndipo uthenga ukangomveka pa WhatsApp kuti lole ya mafuta yafika pakutipakuti, tauni yonse inkathamangira komweko. Inali nthawi ya feteleza, alimi akundidikira. Nditatha masiku awiri pamzere osapeza kanthu, ndinagula malita 40 a dizilo wa m'zigubu kwa mavenda. Ndinkadziwa kuti n'zoopsa, koma ndinadziuza kuti kamodzi kokha sikangaononge.

Mawa lake ndikupita ku Mponela, nditangodutsa pa Lumbadzi, kanyali kena kanayaka pa dashibodi ndipo injini inayamba kutsamwa. Ndinapatukira pambali n'kuzimitsa nthawi yomweyo. Makaniko wanga wa ku Biwi anabwera pa njinga yamoto atanyamula kabotolo kopanda kanthu ka madzi akumwa. Anamasula kampopi ka pansi pa fyuluta ya dizilo n'kutchera kabotolo kaja. Kenako anakakweza padzuwa n'kundiitana. Pamwamba panali dizilo wachikasu, pansi panadikha madzi ngati zala ziwiri, otuwa, muli tizinyalala takuda tikuyandama. Ananunkhiza n'kunena kuti, "Bwana, umu mulinso palafini. Mukanapitiriza ulendo, bwenzi pano tikukamba za mainjekita anayi ndi pampu."

Anandifotokozera zomwe ndikufuna aliyense wogula galimoto zatsopanozi azimvetse. KB zakale zija zinali ndi pampu ya makina wamba, ndipo zinkameza dizilo wa mtundu uliwonse n'kumangofuka utsi. Zatsopanozi ndi za common rail. Dizilo amapanikizidwa mwamphamvu kwambiri n'kupopedwa kudzera m'timabowo tochepa ngati tsitsi, ndipo dizilo yemweyo ndi amene amafewetsa zitsulo za m'pampu. Madzi akalowa amachititsa dzimbiri n'kudya timabowoto. Palafini alibe kuterera kwa dizilo, motero zitsulo zimakhuzana zouma. Izi si za Isuzu yokha. Hilux ya GD-6, Ranger, Navara, zonse zamasiku ano zili chimodzimodzi. Chomwe ndikuiyamikira yangayi n'chakuti fyuluta inagwira madziwo ndipo kanyali kanandichenjeza nthawi ikadalipo. Tinaikoka mpaka ku Biwi, tinatsitsa thanki n'kuitsuka, tinasintha fyuluta, ndipo malita 40 aja anatayika onse. Zinandiwawa, komabe ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi mtengo wa injekita imodzi yokha.

Kuchokera tsiku limenelo zigubu za pamsewu ndinazisiya. Thanki ikafika theka ndimayamba kufunafuna mafuta, ndipo ndikapanda kuwapeza galimoto imaima, katundu ndimamutumiza pa lole ya ganyu. Fyuluta ya dizilo ndimasintha msanga kuposa mmene buku likunenera, ndipo ina yatsopano imakhala kuseri kwa mpando nthawi zonse. Buku limati sevisi izichitika pa makilomita 15,000 aliwonse, koma ine oyilo ndimasintha pa 10,000, ndipo fyuluta ya mpweya ndimaitsegula kumapeto kwa mwezi uliwonse m'chilimwe. Amene anayendapo msewu wa ku Kasiya mu Okutobala akudziwa fumbi lomwe ndikunena.

Vuto lachiwiri linachokeranso kwa ife eni ake. Pikapu zamtundu uwu zimaloledwa kusenza pafupifupi tani imodzi, ndipo m'kati mwa tani imeneyo muli dalaivala ndi aliyense wokhala kutsogolo. Anthu ambiri amangowerenga kuti matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani, basi n'kuyamba kupakira. Mnyamata amene ankandiyendetsera anachoka ku Nsaru ndi matumba 22 a soya, ataunjika mpaka kupitirira denga, pamwamba pake n'kukwezanso anthu atatu a matola. Pa dzenje lina chitsulo chimodzi cha sipuling'i yakumbuyo chinathyoka. Nditafika ndinapeza galimoto itapendekeka, nyali zakutsogolo zikuloza kumwamba. Sindinamukalipire kwambiri chifukwa ndine ndinkamukakamiza kuti maulendo achepe poopa mafuta. Pa double cab pali chinthu china chomwe ambiri sachiganizira: bodi yake ndi yaifupi, ndipo mbali yaikulu ya katundu imakhala pamwamba pa matayala akumbuyo ndi kuseri kwake. Ukaunjika, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero chimayamba kuyandama ndipo mabuleki sagwira mmene uyembekezera.

Apa ndivomereze kuti pa ntchito yanga single cab ikanandiyenera kwambiri. Ndinasankha double cab poganizira banja, ulendo wa kutchalitchi, maliro kumudzi, ndipo pa zimenezi yatithandizadi. Amayi anga okalamba amakhala bwino pampando wakumbuyo, mvula siwakhudza. Koma nyengo ya soya ikafika, malo omwe mipando yakumbuyo inatenga ndimawasowa tsiku lililonse.

Ndinaganiziraponso za vani ndisanagule. Toyota Hiace yatsopano ija yomwe inatuluka mu 2019, ya mphuno yaitali chifukwa injini anaichotsa pansi pa mpando n'kuiika kutsogolo, inandikopa ndithu. Mnzanga wina amene amagawa buledi ndi zakumwa m'magolosale a ku Kawale ndi Area 23 amayendera vani, ndipo ndimamusirira mvula ikayamba. Iye amangotseka chitseko n'kukhoma, pomwe ine ndimalimbana ndi lona ndi zingwe, ndipo ndikaima pa Wakawaka diso limakhala kumbuyo kuopa kuti thumba lingatsike lokha. Ngati ntchito yanu ili m'tauni ndipo katundu wanu amaopa madzi, vani ndi yabwino. Koma vani ndi yofupika pansi, ndipo kumadambo komwe ine ndimapita mu Januwale singabwereko.

Za matope, yangayi si 4x4, ndipo ndatitimirapo katatu. Kawiri diff lock, yomwe imachititsa matayala onse akumbuyo kuzungulira limodzi, inanditulutsa, kachitatu anandikankha anyamata a m'mudzi. Chomwe ndaphunzira n'chakuti pikapu yopanda katundu imaterereka msanga chifukwa kumbuyo kulibe cholemera. M'dzinja ndimasiya matumba anayi a mchenga m'bodi, pamwamba penipeni pa matayala, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Mchenga womwewo umachepetsanso kudumphadumpha, pakuti masipuling'i a pikapu iliyonse anapangidwira katundu, ndipo ikakhala yopanda kanthu pamsewu wa mabampu msana umamva. Matayala omwe inabwera nawo anali a paphula. Anatha pa makilomita 38,000, ndipo ndinaika a all-terrain, oyenda paphula ndi pafumbi pomwe, omwe amalira pang'ono pa liwiro koma sabooka wambawamba ndi ziputu za chimanga.

Masipeya ndi nkhani ina. Wa kabaza ya njinga yamoto anandiswera nyali yakumbuyo pafupi ndi depoti. Ndinayenda Malangalanga yense ndi ku Biwi komwe. Za Hilux ndi za KB yakale zinali mbwee, koma ya mtundu watsopanowu panalibe, chifukwa galimotozi sizinakalambe kuti ziyambe kuphwasulidwa, ndipo ogulitsa ankavutika kupeza ndalama zakunja zoitanitsira katundu. Ndinadikira milungu itatu mpaka munthu wina anandibweretsera pa basi kuchokera ku Johannesburg. Mafyuluta, mabuleki ndi oyilo zokha sizinandisowepo. Chenjerani ndi mafyuluta otchipa a m'makatoni okongola. Makaniko anadula imodzi pakati n'kundionetsa pepala la m'kati, lopyapyala moti kuwala kumadutsa.

Zina zonse zili bwino. Injini sidya oyilo, sinatenthepo, ndipo m'mawa wa mu Juni imalira kamodzi. Air con ikugwirabe ngati tsiku loyamba, magetsi sanavutepo, zitseko sizilowetsa fumbi. Mabuleki akutsogolo ndasintha kamodzi. Penti ya m'bodi inakalika mwezi woyamba womwe, ndipo ndikanadziwa ndikanaikiratu labala ndisanasenze thumba ngakhale limodzi. Ku COF, komwe amayeza ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, inadutsa popanda chonena.

Ena mwandifunsa ngati ndingaigulenso. Inde, injini yomweyi, koma single cab, ndipo ndalama yotsalayo ndingaisungire matayala ndi mafyuluta. Amene mumakoka ngolo yolemera kapena mumakhala kumapiri nthawi zonse, yang'anani ya 3.0 ya 4x4.

Soya ayamba kutuluka mu Epulo. Mnyamata uja anapeza ntchito ina, ndipo chaka chino makiyi akhala ndi amalume, omwe anachita kupempha okha. Loweruka lapitali anabwera ndi kachitini ka penti yoyera n'kulemba 14 m'kati mwa chitseko cha bodi, manambala akuluakulu oti aliyense wopakira awaone. Atamaliza anandifunsa komwe ndimasunga fyuluta ija, n'kuitulutsa kuseri kwa mpando, kuiyang'ana, ndi kuibwezera pomwepo.