Siling'i ya chipinda cha malata ku Joni: Rhinoboard, PVC kapena IsoBoard?

Amene wagonapo m'chipinda chakuseri cha malata ku Rosettenville mwezi wa Juni safuna kuuzidwa. Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja, ndipo chisanu chake chimaposa cha ku Dedza. Usiku mpweya umene mukupuma ukakhudza lata lozizira umasanduka madzi, mbandakucha n'kumadonthera pa bulangeti ngati denga labooka. Ndiye funso la siling'i kuno si la kukongola kokha ayi. Ine ndaikapo mitundu itatu, kwanga ndi m'maganyu.

Rhinoboard, bolodi la jipisamu (mwala wofewa wonga choko), ndi imene ambirife timayamba kuganizira, poti ili paliponse, m'masitolo a zomangira ngati Cashbuild ndi Builders, komanso mtengo wake ndi wofikirika. Ya siling'i imakhala yokhuthala 6.4mm, mulifupi mamita 1.2. Mumayamba mwakhoma timatabwa ta 38 x 38mm, mpata wake usapitirire 400mm (300mm ngati mudzaimata pulasitala), apo ayi pakati pamadzagwa mimba. Ikamatidwa pulasitala wa Rhinolite n'kupakidwa penti, palibe inzake: yosalala ngati ya m'nyumba za ku Sandton. Koma abale anga, ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi. Bolodi limodzi lalitali mamita 3.6 muli pa makwerero, mutu wagwira pakati, dzanja lina likufufuza sikuluwu m'thumba, mungomva "thyo!" pakona. Ndinathyola awiri tsiku limodzi mlamu wanga atandikana kuti ali ku shifiti. Rhinolite nayo imafuna dzanja lozolowera. Ikayamba kulimba m'ndowa siidikira kuti mumalize kuyankha WhatsApp. Mdani wake wamkulu ndi madzi. Matalala a mu Novembala akangoboola pena, kapena giza ya kudenga ikaphulika, jipisamu amamwa madzi, amachita mawanga achikasu, kenako amagwa.

PVC sindichedwapo. Ndi timapanelo ta pulasitiki topepuka tolowetsana, sitifuna penti, tikada mumangopukuta ndi kansalu. Kubafa ndi kukhitchini ndimaikonda. M'chipinda chogona ayi: ndi yopyapyala, chisanu imangochilonjera n'kuchilowetsa, pokhapokha mutayala Aerolite (chonga thonje chosunga kutentha) pamwamba pake, zomwe ndi ndalama zinanso. Yotchipa kwambiri ija imapindika malata akatentha mu Disembala, ndipo kung'anima kwake kumandikumbutsa saluni.

IsoBoard poyamba ndinkaiderera. Ndinkati chithovu chonga chotchingira TV m'katoni chingakhale siling'i? Komatu ndi polystyrene wolimba, wosamwa madzi, mulifupi 600mm, m'mbali mwake molowetsana. Ya 25mm kapena 30mm imagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, kutseka denga ndi kusunga kutentha. Mumaidula ndi mpeni wa Stanley, mumainyamula ndi dzanja limodzi, fumbi palibe. Chipinda changa cha mamita atatu kwa anayi ndinachimaliza ndekha Loweruka limodzi, mayi a kunyumba akungondipatsira timakilipi ndi guluu. Chiyambire pamenepo kudontha kuja kunatha, ndipo hita timangoyatsa kanthawi madzulo, mayunitsi a magetsi n'kumafikako kumapeto a mwezi.

Zovuta zake zilipo, ndisakunamizeni. Pogula imaluma m'thumba kuposa Rhinoboard, ngakhale mukawerengera Rhinolite, tepi, Aerolite ndi mnyamata wokugwirirani, kusiyana kumachepa. Ndi yofewa: mwana wanga anaibaya ndi mtengo wa tsache, chibowo chilipobe mpaka lero pamwamba pa bedi. Penti ikhale yosungunula ndi madzi, chifukwa ya thinara imadya chithovucho. Siigwirizananso ndi moto. Mababu akhale a LED, ndipo ngati m'chipindamo mumaphikira pa sitovu ya palafini kapena denga lili pafupi ndi mbaula, ine sindingakuikireni. Pamenepo bola Rhinoboard, poti jipisamu sayaka.

Kwa ife a lendi pali nkhani ina. Siling'i mukaikhoma yasanduka ya mwini nyumba, simudzaikweza pa basi ya ku Lilongwe. Ine ndinagwirizana ndi wanga kuti ndalama za zipangizo azichotsa pa lendi miyezi itatu, ndipo ndinaumirira kuti alembe pa foni, malisiti ndinawajambula onse. Mwezi wachiwiri anayamba kuiwala. Ndinangomutumizira uthenga wake womwe uja.