Old School RuneScape pafoni: endgame yake ndi iti kwenikweni?

Ndakhala ndikusewera Old School RuneScape pafoni kwa zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, ndiye ndati ndilembeko zomwe ndaona, makamaka chifukwa cha anzanga omwe mumandipeza pashopu nkumafunsa kuti kodi gemu imeneyi imatha liti, kumapeto kwake kuli chani. Ine ndimagulitsa machaja, makava ndi ma earphone pa boma pano pa Dedza, ndiye kukakhala zii kopanda kasitomala ndimakhala ndili momo.

Gemuyi anapanga ndi a Jagex aku Cambridge ku England, inatuluka mu 2013 koma anachita kuitenga pa RuneScape ya 2007, nchifukwa chake zithunzi zake ndi zachikalekale. Pafoni inabwera mu 2018 ndipo akaunti ndi yomweyo ya pakompyuta. Kwa ife kuno ubwino waukulu ndi woti siidya bandulo, bandulo yomwe ndikamaonera mavidiyo imatha tsiku limodzi pagemuyi ndimakhala nayo mpaka sabata, komanso foni yanga ndi yotchipa koma imayenda bwinobwino osatentha. Mbali ina ndi yaulere koma zambiri zokoma zili kwa ma member, ndipo poti kulipira ndi khadi kuno ndi nkhani ina ine ndimagula bond ndi golide wa mugemu momwemo, bond imodzi imakupatsa masiku 14 okhala member.

Tsono nkhani ya endgame, ndiye kuti zomwe umachita ukafika kumapeto kwa gemu, inayamba ndi msuweni wanga wa ku Lilongwe, iyeyu anasewera World of Warcraft zaka zambiri pa laputopu. Kwa iye nkhani ndi yosavuta: umakweza levo mpaka pomwe imathera, ukafika pamenepo gemu yeniyeni ndiye yayamba, ma raid (kulowa pagulu kukalimbana ndi zilombo zikuluzikulu zotchedwa ma boss), ma dungeon ovuta a Mythic+, kusaka zida sabata ndi sabata mpaka expansion (gawo latsopano la gemu) ina ibwere zida zija zikhale zakale muyambirenso. Zonse za m'mbuyo amati ndi msewu chabe. Atabwera ku maliro a agogo kwathu ku Bembeke tinakhala pamoto usiku nkumakambirana zimenezi motsitsa mawu, amvekere aise ndiye iweyo zaka ziwiri sunafikebe max, ukutani mmenemo?

Vuto ndi loti mu Old School mzere umenewo mulibe. Skill iliyonse (luso ngati usodzi, ulimi kapena kudula mitengo) imathera pa levo 99, ndipo ma skill alipo oposa 20. Kuti ufike 99 pa skill imodzi pamafunika XP (mapointi omwe umapeza ukamachita skill imeneyo) 13,034,431, ndiye ukafika levo 92 umakhala wangofika theka, taganizani, 92 ndi theka la 99. Munthu ukati udikire kaye zonse zifike 99 kuti uyambe zovuta ndiye imvi zikupeza uli kudula mitengo ku Draynor. Anthu amalowa ma raid asanamalize nkomwe ma skill, ena amamaliza ma skill onse koma raid sanaipondemo.

Ine chomwe ndinkachitenga ngati phiri langa chinali fire cape, chovala cha kumsana chomwe umapatsidwa ukamaliza Fight Caves. Umalowa mu Fight Caves wekha, ma wave (magulu a zilombo obwera motsatizana) 63, wave yomaliza ndi TzTok-Jad, chilombo chomwe chikhoza kukumenya mpaka 97 kamodzi. Chinsinsi chake ndi kuyang'ana miyendo yake basi. Akaponda pansi ndi miyendo yakutsogolo ndiye kuti kukubwera range (kukugenda ali patali), akaimirira ndi yakumbuyo ndiye magic, iwe uzisintha prayer, chitetezo chomwe umayatsa cha range kapena cha magic, isanakufike. Akafika theka la moyo kumabwera ma healer anayi omubwezeretsa moyo omwe umafunika uwakope abwere kwa iwe uku diso lili pa miyendo ija. Ulendo woyamba ndinafikako unali mwezi wa Juni, mukudziwa kuzizira kwa Dedza, nkhungu itatsika kuchokera kuphiri, zala zitauma ngati zikuni ndili mu bulangete foni ili pa pawabanki chifukwa magetsi anali atathima kuyambira masana. Ndinatha pafupifupi ma awala awiri kuti ndifike wave 63. Jad atangotulukira mtima unayamba kugunda mpaka m'makutu, ndinasintha bwino kanayi kasanu, kenako netiweki inangoima kamphindi kakang'onong'ono, chithunzi chitabwerera ndinali nditagona kale panja pa phanga. Ndinakhala chete nthawi yaitali foni ili m'manja.

Ubwino wake ukafa mmenemo katundu wako sataika, imapita ndi nthawi ndi ma potion. Komanso ukadina logout mkati gemu imadikira wave ithe nkukusungira pomwe unali, ndiye batire ikamatha ukhoza kupuma nkudzapitiriza. Ndinafa katatu. Kachinayi ndinachita kufika wave 62 madzulo nkusiya, ndinadzuka 4 koloko m'bandakucha anthu onse ali mtulo netiweki ili myaa, ndinaotha kaye manja pa mbaula, ndipo Jad anagwa. Ndinavala cape ija nkungoyenda nayo uku ndi uku ku Grand Exchange, msika waukulu wa mugemu, mpaka kunja kunacha.

Nditamutumizira msuweni uja screenshot anangoti, zabwino aise koma ndafunsa anzanga akuti fire cape ndi midgame, zapakatikati chabe. Zinandiwawa, koma sananame, osewera ambiri amaiona choncho. Pamwamba pake pali Inferno yomwe inabwera mu 2017, ma wave 69, wave 68 muli a Jad atatu nthawi imodzi kenako TzKal-Zuk kumapeto. Pali ma raid atatu, Chambers of Xeric ya 2017, Theatre of Blood ya 2018 ndi Tombs of Amascut ya 2022. Ukafunsa anthu a nthawi yaitali endgame akutchulira zimenezi.

Koma ine pomwe ndaima ndi apa. Twisted bow, uta wotchuka uja wochokera ku Chambers of Xeric, umagulitsidwa pa Grand Exchange, munthu wa golide wambiri akhoza kuugula osalowako mu raid ngakhale kamodzi. Fire cape sigulitsidwa. Infernal cape ya ku Inferno ija sigulitsidwa. Ma pet omwe amagwa kwa ma boss kapena pochita skill mwa mwayi sagulitsidwa, quest cape nayo umakaitenga kwa nkhalamba ya mugemu yotchedwa Wise Old Man pokhapokha utamaliza ma quest (ntchito zomwe anthu a mugemu amakutuma) onse, ndipo akatulutsa quest yatsopano imakuvuka mpaka uimalize imeneyonso. Ndiye ine ndikamati endgame ndikutanthauza zinthu zomwe golide sangakugulire, zomwe palibe akukutuma koma iweyo wasankha wekha kuti izi ndizisaka, kaya zitenge chaka. Kwa wina ndi Zuk, kwa wina ndi kudzaza collection log, buku lolemba zinthu zapadera zomwe wapeza mugemu, kwa wina ndi kusewera ngati Ironman woti sagula chilichonse kwa osewera anzake, muvi uliwonse adzipezere yekha. Ndimadziwana ndi mayi wina wa mu clan yathu yemwe salimbana ndi ma boss nkomwe, iye ndi usodzi ndi ulimi basi akusaka ma pet, ndipo amalowa tsiku lililonse kuposa enafe. Ndimuuze kuti sali pa endgame chifukwa chani?

Izi ndi zomwe zimandikondetsa gemuyi kuposa ina yomwe ndinayesako, zakale sizimafa. Chida chomwe unachivutikira chaka chatha chimagwirabe ntchito chaka chino, levo yako palibe amaifufuta, ndiye kwa munthu woti umasewera mphindi 20 apa 30 apo pakati pa makasitomala thukuta lako silipita pachabe. Zatsopano zambiri zimayamba zavoteredwa kaye ndi osewera omwe, ndipo zimafunika mavoti okwana 70 pa 100 aliwonse kuti zilowe.

Chilungamo chake komabe, endgame ya ma raid ija kwa ife a foni kuno ndi yolimba. Gemuyi imayenda ndi ma tick, timagawo ta nthawi ta masekondi 0.6, ine ndimasewera pa ma world aku UK ndiye pamakhala kale kuchedwa pang'ono, netiweki ikawonjezera kugwedezeka tick imodzi kapena ziwiri zapita. Sikirini ya foni ndi yaing'ono, kusintha zida zinayi ndi prayer ndi chala chimodzi si zamasewera. Theatre of Blood sindinalowemo ndipo sindikufuna kulowa pano, chifukwa mumakhala timu mpaka anthu asanu ndiye iwe ukagwa chifukwa cha netiweki wawapweteketsa anzako omwe ataya nthawi yawo. Yomwe ndingalimbikitse ndi Tombs of Amascut, umatha kulowa wekha komanso umasankha wekha ma invocation kuti ivute motani, ukhoza kuyamba pansi penipeni nkumakweza pang'onopang'ono. Ndamalizako kangapo pa levo yotsika ndili pashopu pomwepa masana a Lachiwiri kulibe anthu.

China choti mudziwe, ma quest ake ali ndi chizungu chambiri chowerenga ndi ma puzzle, amene safuna kuwerenga adzatopa msanga. Komanso imadya nthawi, ndinayenera kudziikira lamulo loti kasitomala akaima pakhomo foni pansi kaya ndili pakati pa boss.

Ngati muli ndi foni yapakatikati ndipo mukufuna gemu yoti mukhale nayo zaka, yambani ndi yaulere ija, malizani quest ya Dragon Slayer yoyamba kenako muone za bond. Ine panopa ndatsala ndi ma quest asanu kuti nditenge quest cape, waukulu ndi Desert Treasure II wa ma boss anayi, ndikumusungira mwezi wa Seputembala kukayamba kufunda zala zizigwira bwino.